Akamajambula ana athu kusikelo, kusukulu ndi kumisasa: chilolezo chimachokera kwa ndani, ndipo zithunzizo zimathera kuti?

Akuluakulu a boma akapita kukapereka ufa ndi mabulangete kumsasa wa anthu othawa madzi osefukira, pofika madzulo zithunzi zimakhala zafika kale pa Facebook. Mayi wagwada akulandira thumba, khanda lili kumsana, mwana wina wagwira chitenje cha amake akuyang'ana kamera. Tinaziona zambiri zotere namondwe wa Freddy atawononga ku Chilobwe ndi madera ena a kum'mwera mu Malichi 2023, ndipo tinazizolowera moti ndi ochepa amafunsa ngati mayiyo anavomera kuti mwana wake aonekere kudziko lonse ali mmenemo.

Funsoli tsopano lili ndi lamulo pambuyo pake. Mu Disembala 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Data Protection Act, loteteza uthenga wokhudza anthu, ndipo linayamba kugwira ntchito mu Juni 2024. Koma kubwera kwa lamuloli kwabweretsanso chisokonezo. Ena akuganiza kuti tsopano kujambula mwana aliyense ndi mlandu. Ena akuti boma ndi boma, likafuna kujambula silipempha. Onsewa akulondola pang'ono ndi kuphonya pang'ono.

Chithunzi nachonso ndi deta

Mawu oti deta akutanthauza uthenga uliwonse wosungidwa womwe ungathandize kuzindikira munthu: dzina, tsiku lobadwa, mudzi ndi mfumu, nambala ya foni, zolembedwa m'kabuku ka kuchipatala. Nkhope ya munthu pa chithunzi ili m'gulu lomwelo, chimodzimodzi mawu ake akawatepa kapena kanema yemwe akuonekamo. Pali deta ina yomwe lamulo limaiteteza mwapadera chifukwa ikatuluka imapweteka kwambiri. Za umoyo wa munthu zili momwemo, pamodzi ndi zizindikiro za m'thupi zomwe makina amazigwiritsa ntchito pozindikira munthu, monga zidindo za zala. Nambala ya foni mutha kusintha. Zala ndi nkhope mudzafa nazo.

Mwana wa ku Malawi amalembedwa kambirimbiri asanafike zaka 18. Akangobadwa, lamulo la kalembera wa nzika la 2010, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2015, limafuna kuti alembetsedwe ku bungwe la NRB. Kusikelo alangizi a zaumoyo amalemba kulemera kwake ndi katemera yemwe walandira, ndipo m'madera ambiri masiku ano amalowetsa zimenezi m'foni kapena m'tabuleti. Ngati banja lake lili pa Mtukula Pakhomo, ndondomeko yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006, dzina lake lili m'kaundula wa mabanja ovutika. Akafika Sitandade 8 amajambulitsa chithunzi cha chiphaso cha mayeso a MANEB. Akakwanitsa zaka 16 amapita kukajambulitsa nkhope ndi kudinda zala kuti apeze chiphaso cha unzika, monga anachitira anthu oposa 9 miliyoni pa kalembera wamkulu wa 2017.

Zonsezi ndi kujambula kapena kulemba kofunika pa ntchito yeniyeniyo. Popanda chithunzi, oyang'anira mayeso sangadziwe ngati wakhala pa desikiyo ndi mwini dzina kapena mkulu wake. Koma pali kujambula kwina kosiyana kotheratu: kwa lipoti lopita kwa opereka thandizo, kwa tsamba la khonsolo, kwa chikwangwani cha pamsewu, kwa phungu wofuna kuti anthu aone kuti wagwira ntchito. Phala la kusukulu silisintha kukoma mwana akakana kujambulidwa. Kusiyana kwa mitundu iwiriyi ndiko kumatsegula nkhani yonse, ndipo mavuto ambiri amayamba pamene ziwirizi zasakanizidwa tsiku limodzi, pamzere umodzi, ndi munthu mmodzi yemweyo.

Chilolezo chenicheni chimaoneka bwanji

Malamulo a mtundu umenewu, athu komanso a maiko ena, amagwirizana pa mfundo yoti chilolezo chiyenera kuperekedwa mwaufulu, munthu atamvetsa, ndiponso chikhale cha cholinga chodziwika. Pa pepala zikumveka zophweka. Pamalo ogawira thandizo sizikhala choncho.

Tiyambe ndi ufulu. Mayi yemwe waima pamzere kuyambira m'mawa kudikira chiponde cha mwana wake wonyentchera, akauzidwa kuti "mayi, taimani apa tikujambuleni pang'ono," sakhala ndi mpata woganiza. Munthu wanyamula kamerayo wabwera pa galimoto imodzi ndi amene wanyamula kaundula. Ngakhale palibe wanena kuti wokana kujambulidwa salandira, mayiyo amadziwerengera yekha kuti kukana kungamuike pa mbiri ya anthu ovuta, ndipo mwezi wamawa dzina lake lingasowe. Ndiye amamwetulira n'kuvomera. Akatswiri a malamulowa amati pamene mbali imodzi ili ndi mphamvu zambiri pa inzake, monga boma ndi nzika yofuna thandizo, "inde" wa munthu wofookayo ndi wokayikitsa. N'chifukwa chake malangizo ambiri a ntchito zothandiza anthu amati wojambula anene poyera, asanatulutse kamera, kuti kukana sikuchotsa munthu pa mndandanda, ndipo ngati n'kotheka ajambule anthu atalandira kale. Muyeso wake ndi umodzi: kodi wokana ataya chiyani? Ngati pali chomwe angataye, kapena akuganiza kuti chilipo, chilolezocho chili ndi chilema.

Kumvetsa nakonso ndi phiri. Mafomu ambiri a chilolezo amalembedwa m'Chingerezi, ndipo agogo amene akulera adzukulu amangodinda chala pomwe aloza. Ngakhale atawamasulira m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka, mawu oti "tidzagwiritsa ntchito chithunzichi pa ntchito za bungwe lathu" satanthauza kanthu kwa munthu amene sanatsegulepo intaneti. Iye akuganiza za chithunzi chomata pakhoma la ofesi kuboma. Wojambulayo akuganiza za tsamba lomwe anthu a ku London ndi ku Johannesburg adzaliona, komanso mwana wa mnansi yemwe ali ndi foni pamudzi pomwepo. Kufotokoza koona kumayenera kutchula malo enieniwo: pa Facebook, m'nyuzipepala, pa TV, kwa zaka zingati, ndi dzina kapena popanda dzina.

Za cholinga, taganizirani njinga. Mukabwereka mnzanu njinga kuti apite nayo kuchigayo, simunamulole kuti ayambe nayo kabaza. Njinga ndi yomweyo, munapereka ndi manja anu, koma ntchito yasintha. Kholo lomwe lavomera kuti mphunzitsi wamkulu ajambule mwana pofuna chiphaso cha mayeso silinavomere kuti chithunzicho chiikidwe pa chikwangwani chotsatsa sukulu. Namwino amene wajambula chilonda kuti aonetse dokotala wa kuchipatala chachikulu sanaloledwe kuchitumiza ku gulu la WhatsApp la anzake a kukoleji.

Nanga wovomera ndi ndani? Kuyambira mu 2017, pomwe malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa, mwana ku Malawi ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo lamulo la 2024 likuti pamene chilolezo chikufunika pa deta ya mwana, chichokere kwa kholo kapena womulera wovomerezeka. Pamudzi izi zimavuta kuposa mmene zikuonekera. Ana ambiri akukhala ndi agogo, azakhali kapena amalume popanda pepala lililonse la kukhoti, makolo ali ku Joni kapena anamwalira. Makomo ena mutu wa banja ndi mwana wa zaka 15. Ndiye pali chizolowezi chathu chodzera kwa amfumu: alendo akafika, nyakwawa imawalandira n'kunena kuti "jambulani, anthu anga ndi amenewa." Ulemu umenewu ndi wofunika, ndipo wosaupereka sangagwire ntchito pamudzi. Koma chomwe amfumu apereka ndi chilolezo cholowera m'mudzi. Cha nkhope ya mwana wa munthu chili m'manja mwa mwini mwana. Chimodzimodzi mphunzitsi wamkulu kapena komiti ya sukulu sangavomere m'malo mwa makolo onse.

Mwana mwiniwake nayenso ali ndi mawu. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, lomwe Malawi inalivomereza mu 1991, m'gawo 16 limateteza chinsinsi cha mwana, ndipo m'gawo 12 limati maganizo ake amveke molingana ndi msinkhu wake. Pangano la maiko a mu Africa la ufulu wa ana la 1990 nalonso limateteza chinsinsi cha mwana m'gawo 10. Mtsikana wa Fomu 2 amene walandira zovala za kumwezi kusukulu angakhale ndi zifukwa zake zokanira kuonekera nazo pa chithunzi, ngakhale amake atavomera. Malamulo athu amazindikira kale kuti mwana wokulirapo ali ndi zinsinsi zake: lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limalola wa zaka 13 kupita m'tsogolo kukayezetsa magazi popanda chilolezo cha kholo.

Pamene boma silifunika kupempha

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Chilolezo ndi njira imodzi chabe mwa njira zingapo zomwe lamulo limalola kuti deta itengedwe. Ngati lamulo lina likulamula, monga kulembetsa kubadwa kwa mwana, ofesi siyembekezera kuti kholo likondwere nazo. Ngati moyo uli pachiswe, monga mwana wobwera naye kuchipatala atakomoka pa ngozi, madokotala amalemba ndi kujambula zofunika osadikira siginecha. Ntchito zina zokomera anthu onse, monga kutsatira kufala kwa kolera, zimalowanso m'gulu lomweli.

Chitsanzo cholemera kwambiri ndi cha nkhanza. Mwana akamenyedwa kapena kugwiriridwa n'kufika ku nthambi ya polisi ya Victim Support Unit kapena ku malo a Chikwanekwane, mabala ake angafunike kujambulidwa ngati umboni wa kukhoti. Nthawi zina wochita nkhanzayo ndi bambo womupeza kapena wachibale amene banja likufuna kumubisa. Kunena kuti chilichonse chidikire chilolezo cha kholo kungakhale kupereka kiyi kwa wolakwayo. Apa chotsogolera ndi mfundo ya m'gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko, yoti ubwino wa mwana ukhale patsogolo pa chiganizo chilichonse chomukhudza.

Koma kusafunika kwa chilolezo sikuchotsa maudindo ena. Ofesi iyenerabe kukuuzani chomwe ikutenga ndi chifukwa chake, kutenga zokhazo zofunika, kuzisunga motetezeka, ndi kusazigwiritsa ntchito pa zina. Chithunzi cha umboni ndi cha wapolisi wofufuza, dokotala ndi khoti basi. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaletsa kufalitsa zozindikiritsa mwana yemwe nkhani yake ili m'bwalo la milandu ya ana. Ndipo kubisa nkhope pakokha sikukwanira. Mukaphimba maso koma n'kutchula mudzi, sukulu, kalasi ndi ntchito ya bambo ake, anthu a kumaloko amudziwa tsiku lomwelo, ndipo ndi iwowo amene mwanayo adzakumana nawo pamjigo.

Ulendo wa chithunzi chikachoka m'manja mwanu

Ogwira ntchito m'boma ambiri alibe kamera ya ofesi. Amajambula ndi foni yawoyawo, n'kutumiza kwa bwana wawo pa WhatsApp ngati umboni woti ntchito yachitika. Pofika pamenepa chithunzi chili kale m'malo angapo: m'foni ya wojambula, m'foni ya aliyense wa m'gululo, ndipo mwinanso pa makompyuta a Google kapena Apple kunja kwa dziko ngati foniyo imasunga yokha zithunzi pa intaneti. Foni ikabedwa mu minibasi kapena ikapita kwa okonza, zithunzi za ana a eni ake zapita nayo. Mafoni ambiri amabisanso m'kati mwa chithunzi tsiku, nthawi ndi malo enieni pomwe chinajambulidwa, ngati mwini foni sanatseke zimenezi.

Chikafika pa intaneti poyera, ulendo wake sudziwikanso. Mu Juni 2024 bungwe loona za ufulu wa anthu padziko lonse la Human Rights Watch linapeza zithunzi 170 za ana a ku Brazil m'mulu waukulu wa zithunzi wotchedwa LAION-5B, womwe umagwiritsidwa ntchito pophunzitsa makina a AI, amene amatha kupanga zithunzi zabodza zooneka ngati zenizeni. Zina zinali ndi maina a anawo ndi malo omwe anajambulidwira. Ofufuzawo anangoona kachigawo kochepetsetsa ka zithunzi zoposa 5 biliyoni. Makolo ndi masukulu amene anaika zithunzizo zaka zapitazo sankadziwa kuti makina otere adzabwera.

Makaundula a boma nawonso si mpanda wachitsulo. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti athyoledwa ndi akuba a pa intaneti omwe ankafuna dipo, ndipo ntchito yopereka mapasipoti inaima kwa masabata angapo. Lamulo la 2024 likuti bungwe lomwe deta yabedwa kapena kutayika lidziwitse MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni, mawailesi ndi intaneti, pasanathe maola 72.

Palinso kugawana deta pakati pa maofesi. Mu 2021 Human Rights Watch inatulutsa lipoti loti deta ya anthu a mtundu wa Rohingya othawira ku Bangladesh, kuphatikizapo zithunzi ndi zidindo za zala zomwe bungwe la United Nations loona za anthu othawa kwawo la UNHCR linatenga, inafika m'manja mwa boma la Myanmar, dziko lomwe anthuwo anathawa. UNHCR inati inapempha chilolezo ndipo inafotokozera anthuwo. Ambiri mwa omwe ofufuza anacheza nawo anati iwo ankadziwa kuti akulembetsa kuti alandire chiphaso ndi thandizo. Mbali zonse ziwiri zikhoza kukhala kuti zikunena zomwe zinaona, ndipo vuto lenileni ndi lomwelo: funso la thandizo ndi funso la kugawana deta anafunsidwa pa tebulo limodzi.

Kwathu kuno ngozi yake siifuna kuganizira patali. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 anthu achialubino akhala akuphedwa ndi kubedwa, ana ali m'gulu lomwelo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000. Kuwadziwa komwe ali kumathandiza kuwafikitsira mafuta oteteza khungu ndi chitetezo cha apolisi. Koma chithunzi cha mwana wachialubino chokhala ndi dzina la mudzi ndi sukulu yake, choikidwa poyera ndi mtima wabwino, chingasanduke cholozera kwa achiwembu. Chimodzimodzi chithunzi cha achinyamata pa tsiku lawo lolandira ma ARV chimaulula zomwe mwina ngakhale anzawo a m'kalasi sakuzidziwa.

Mbali ya ojambula nayo ili ndi mfundo

Si chilungamo kuona aliyense wonyamula kamera ngati wopanda ulemu. M'dziko lomwe linaona Cashgate mu 2013, ndi kusokonekera kwa K6.2 biliyoni ya ndalama zolimbana ndi Covid-19 komwe kunaululika mu 2021, anthu ali ndi chifukwa chofunira umboni woti katundu wafikadi kwa eni ake. Chithunzi ndi chiphaso zimatchinga maina a anthu omwe kulibe. Opereka thandizo akunja amafuna kuona komwe ndalama zawo zapita, ndipo zithunzi za ku Chilobwe zija ndi zomwe zinachititsa anthu ambiri, kuno ndi kunja, kutulutsa zomwe anali nazo. Atolankhani nawo amati chithunzi cha ana ophunzirira pansi pa mtengo kapena ogona awiriawiri pa bedi la chipatala chimakakamiza akuluakulu kuchitapo kanthu kuposa lipoti la masamba 50. Ndipo pali mantha oti maofesi angayambe kubisala kuseri kwa "chinsinsi cha ana" pofuna kuletsa atolankhani kuona zolakwika, pomwe lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020.

Oteteza ufulu wa ana amayankha kuti umboni wa kwa owerengera ndalama suyenera kukhala pa Facebook, ndipo kuti denga lodontha likhoza kujambulidwa popanda nkhope ya mwana wodwala pansi pake. Njira zapakati zilipo: kujambula chakumbuyo, kujambula manja ndi katundu, kusintha dzina, kutchula boma m'malo mwa mudzi. Komabe aliyense amene anagwirapo ntchito yofalitsa nkhani akudziwa kuti nkhope imakoka mtima kuposa msana. Mkangano umenewu sunathe kulikonse padziko.

Maiko ena ayamba kulanga. Mu Sepitembala 2023 ofesi yoteteza deta ku Kenya inalipiritsa sukulu ya Roma School ndalama za dzikolo zokwana 4.55 miliyoni chifukwa choika zithunzi za ana pa intaneti popanda chilolezo cha makolo. Zambia ndi Zimbabwe anakhazikitsa malamulo awo mu 2021, chaka chomwenso lamulo la POPIA la ku South Africa linayamba kugwira ntchito mokwanira. Abale athu okhala ku Britain amadziwa fomu yomwe sukulu imatumiza kunyumba, yofunsa padera ngati mwana angaonekere pa tsamba la sukulu, m'nyuzipepala kapena pa masamba a mchezo, ndipo wokana mwana wake amaphunzirabe ngati ena onse.

Zomwe kholo lingafunse, ndi kokadandaula

Munthu akatulutsa kamera kapena tabuleti, muli ndi ufulu wofunsa kuti iye ndani ndipo watumidwa ndi ofesi iti, chithunzicho ndi cha ntchito yanji, chikaonekera kuti, ndipo mukakana chichitike n'chiyani. Yankho la funso lomalizali ndi lomwe likuuzeni mtundu wa kujambula komwe mwakumana nako. Ngati ndi chiphaso cha mayeso kapena cha unzika, popanda chithunzi ntchito siitheka, ndipo chotsala ndi kufunsa za kasungidwe. Ngati ndi za lipoti kapena zolengeza, mutha kukana, kapena kuvomera mbali ina: ajambule koma asatchule dzina, kapena chikhale cha mu ofesi chokha.

Lamulo la 2024 likupatsanso munthu mphamvu yopempha kuona deta yomwe bungwe likusunga yokhudza iye, kukonzetsa zolakwika, kupempha kuti ifufutidwe pa zifukwa zina, ndi kubweza chilolezo chomwe anapereka. Poyambira ndi pa ofesi yomwe inajambulayo, makamaka polemba kalata n'kusunga kope lake. Zikakanika, bungwe lomwe lamulo linalipatsa udindo woyang'anira nkhanizi ndi MACRA. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko limateteza chinsinsi cha munthu aliyense, choncho bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC nalonso ndi khomo lina. Ngati chithunzi chaika mwana pangozi, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya paboma, apolisi, kapena nambala yaulere ya ana ya 116 ndi zachangu kuposa kalata.

Kubweza chilolezo kuli ndi malire ake. Ofesi ikhoza kuchotsa chithunzi pa tsamba lake ndi kusiya kuchisindikiza, koma singalowe m'foni ya aliyense amene anachikopera kale, ndipo makalendala ndi timabuku tomwe tinagawidwa sitibwerera. Zolembedwa zomwe lamulo limalamula kuti zisungidwe, monga kaundula wa kubadwa kapena umboni wa mlandu womwe uli m'khoti, sizifufutidwa ngakhale kholo litapempha.